Mapoyinti a Chitsiriza

Loweruka limene Kadontho anapita kukaonekera kwa amayi a chibwenzi chake, anasinthasintha madiresi mpaka bedi lonse linakwiririka, kenako n'kubwerera ku diresi lomwe anayamba nalo. Dzina loti Kadontho linachokera pa kadontho kakuda ka pansi pa diso lake lamanzere, koma anzake a kuntchito ankati likumuyenera kwambiri, popeza tsiku lonse ankalimbana ndi timadontho ta pakati pa manambala. Ankagwira ntchito pa yunivesite, mu ofesi yolandira ophunzira atsopano. Ana ambiri ankabwera ndi avereji ya magiredi yolekezera pa 4. Ena, ochokera m'sukulu zophunzitsa dipuloma ya mayiko ambiri, ankabwera ndi mapoyinti olekezera pa 45. Ntchito ya Kadontho inali kuwaika onsewo pa sikelo imodzi.

Chibwenzi chakecho, chimene anthu ankachitcha Wamafiriji, chinkamudikira panja m'kagalimoto kake kantchito. Awiriwa anadziwana nyengo yotentha, makina oziziritsa mu ofesi atafa. Mnyamatayo anabwera kudzakonza, ndipo kachitsulo kamene kanali kofunika anakhala akukaiwala dala mpaka Kadontho anavomera kukamwa naye tiyi.

"Watchena ngati ukupita kukafunsira ntchito," anatero Wamafiriji akuchotsa mawaya pampando kuti mtsikanayo akhale.

"Ndikukafunsiradi ntchito. Ya upongozi."

Anaseka onse, koma atafika pa maloboti Wamafiriji anayamba kukanda m'mutu.

"Pali kanthu kamodzi. Amayi sindinawauze kumene umagwira ntchito."

"Unawauza kuti chiyani?"

"Kuti umagwira mu ofesi."

"Aliyense amagwira mu ofesi kupatula iwe."

"Ukudziwa nkhani ya Chitsiriza. Ndimafuna ayambe akukonda iwe, asanakonde ofesi yako."

Kadontho ankaidziwadi nkhaniyo. Chitsiriza, mlongo wake wa Wamafiriji, mwana wotsiriza m'banjamo, anali atafunsira malo ophunzira udokotala pa yunivesite yomweyo. Fayilo yake inali pa mulu wa patebulo pa Kadontho, ndipo nthawi zonse ikafika pamwamba iye ankaibwezera pansi. Lamulo linkati wogwira ntchito auze abwana ngati wofunsira malo ali m'bale wake. Koma akanawauza kuti chiyani? Mnyamatayo anali asanatchulepo liwu loti ukwati, ndipo Kadontho sankafuna kuyamba ndiye kulitchula, makamaka kulitchulira mu ofesi.

*

Amayi anawalandirira pakhomo. Anali namwino wopuma pantchito, wamfupi, wamaso ofufuza ngati akuyeza munthu kutentha kwa thupi. Pabalaza panali mipando yokutidwa ndi nsalu zoluka, chithunzi cha malemu bambo pakhoma, ndi firiji yakalekale yomwe Wamafiriji anaikaniza kufa.

"Khala apa, mwana wanga, pafupi ndi ine. Uyu amangokubisa ngati mankhwala oletsedwa."

Chitsiriza anabweretsa tiyi ndi mabisiketi. Anali mtsikana wamtali, wamanyazi, wa magalasi otsetsereka pamphuno. Atatsira tiyi m'kapu ya mlendo, anamuyang'anitsitsa, thipoti ili m'malere.

"Pepani, achemwali. Si inu a pa zenera la kumapeto ku yunivesite? Munandilandira mapepala."

Wamafiriji anatsokomola. Amayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono, nkhope yawo n'kuwala.

"Ndiye Mulungu amayankhadi chonchi! Iwe, nkhani yabwino ngati imeneyi n'kumandibisira?" Anasendera pafupi ndi Kadontho. "Tandiuza, mwana wanga. Chitsirizayu anapeza mapoyinti 36. Pa sikelo yanuyo ndi angati?"

Kadontho anayang'ana Wamafiriji, koma iye anali atapeza chinachake chofunika kwambiri pansi pa kapu yake.

"Amayi, tchati chathu chofananizira magiredi chimati 36 ndi chimodzimodzi avereji ya 3.4."

"Nanga udokotala umafuna angati?"

"3.5."



"Mwana wa aneba athu wapeza 3.6," anatero Amayi motsitsa mawu, "mnyamata woti masana onse amakhala pa mpira. Wangayu zaka ziwiri sindinamuonepo atagona ine ndisanagone. Analemba kafukufuku wamasamba ochuluka ngati wa adokotala enieni. Mayeso ake anakachongedwa ndi anthu osamudziwa n'komwe. Ndiye ukundiuza kuti wampira uja ndiye wanzeru?"

"Sindikutero, Amayi. Zinthu ziwirizi siziyeza zofanana. Avereji imasonkhanitsa magiredi a zaka zonse, operekedwa ndi aphunzitsi a pasukulu pomwepo, ndipo sukulu ina imaumira pomwe ina imapatsa. Mapoyinti a dipuloma amadalira kwambiri mayeso omaliza. Tchaticho chimangoyesera kulumikiza, ndipo inenso ndimaona kuti chimawapondereza ana a dipuloma."

"Basi, wanena wekha. Ukakonze."

"Sindingathe, Amayi."

"Kadontho kamodzi kokha? Kuchotsa 4 n'kuika 5?"

"Kadontho kameneko si kanga. Kumbuyo kwake kuli mwana wa munthu wina amene angataye malo."

Amayi sanakalipe. Anangotenga mbale ya mabisiketi n'kuisuntha pang'ono, ndipo sanamutchulenso kuti mwana wanga.

*

Asanamalize tiyi, pachitseko panagogoda munthu amene sanadikire kuti auzidwe kulowa. Anali mayi wachitsikana wovala suti yotuwa ndi nsapato zazitali, makiyi a galimoto akulendewera pachala. Onse m'nyumbamo ankamutcha Madamu. Anali mlangizi wa ophunzira pasukulu ya Chitsiriza, ndipo Kadontho anadziwa zina zonse atangoona mmene anapachikira jekete pa msomali wa kuseri kwa chitseko osaufufuza. Ameneyu ndiye chibwenzi chakale chimene Wamafiriji ankangochitchula mothamanga.

"Ndimangodutsa, Amayi, ndati ndione wodwala wanga wa mapoyintiyu." Anatembenukira kwa Wamafiriji. "Ukadali ndi malaya amenewa? Ndinakuuza kalekale kuti kolala yake inatha."

Amayi anamufotokozera zonse, mpaka za 3.4. Madamu anamvetsera akugwedeza mutu mwachisoni, kenako anamwetulira Kadontho.

"Zodabwitsa. Mayunivesite ena amene ndimatumizako ana, 36 amaiwerengera 3.7. Ndiye mukuona, Amayi, manambalawa alibe vuto. Zimangotengera mtima wa amene wagwira cholembera."

"Yunivesite iliyonse ili ndi tchati chake," anatero Kadontho. "Wogwira cholembera amangokopera."

"Inde, inde. Ena timamenyera ana nkhondo, ena amakopera. Ntchito zimasiyana."

Potsanzikana, Amayi anamupatsa Kadontho nsonga za zala zokha. Madamu anatsala m'nyumba, atavula nsapato.

*

Lamlungu m'mawa, Kadontho akusita zovala, foni inalira. Unali uthenga wa Wamafiriji.

*Wadzuka bwanji? Pepa za dzulo.*

Anayankha kuti wadzuka bwino. Timadontho tosonyeza kuti mnzake akulemba tinaoneka, n'kuzimiririka, n'kuonekanso.

*Amayi sanadye. Chitsiriza wadzitsekera kuchipinda. Palibedi chimene ungachite? Ngakhale kungolankhula ndi abwana ako?*

Kadontho anaimika simbi. Anawerenga uthengawo mpaka mawu anayamba kusokonekera m'maso.

*Unati umafuna ayambe akonda ine asanakonde ofesi yanga. Nanga iwe unayamba kukonda chiyani?*

Foni inalira nthawi yomweyo, akuimba. Anaisiya ilire. Inaliranso, ndipo anaiika pansi pa pilo n'kupitiriza kusita bulauzi yomwe inali itasalala kale.

*

Lachiwiri pa nthawi ya chakudya chamasana, akutuluka pa geti la yunivesite, anamva mawu aang'ono kumbuyo kwake.

"Achemwali."

Anali Chitsiriza, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Sindinatumidwe ndi Amayi kapena achimwene. Ndabwera ndekha. Sindikupempha kuti musinthe kalikonse. Ndikungofuna wina andiuze zoona, ngati ndisiye kuyembekezera."

Kadontho anazengereza, koma mtsikanayo milomo inali itauma ngati sanadye kanthu. Analowa naye m'kalesitilanti ka tsidya la msewu, nakhala patebulo la pafupi ndi zenera.

"Pa maphunziro ako akuluakulu unapeza bwanji?"

"Bayoloje 7, kemisitiri 7. Ndiwo malekezero. Chinanditsitsa ndi chilankhulo chachiwiri ndi mbiri yakale."

"Ndiye n'chifukwa chiyani sunachite apilo?"

"Apilo yake iti?"

Kadontho anamuyang'ana modabwa. Anamufotokozera zimene ankauza aliyense wofika pa zenera lake, zomwenso zinamatidwa pa bolodi la m'khonde. Mwana wa dipuloma amene waperewera pang'ono pa tchati akhoza kupempha komiti kuti iyang'ane maphunziro okhudzana ndi zimene akufuna kuphunzira. Chofunika ndi chikalata chochokera kusukulu kwake chofotokoza kulemera kwa maphunzirowo, chosainidwa ndi mlangizi wa ophunzira. Komiti inali kukumana Lachisanu.

"Mlangizi wathu ndi Madamu," anatero Chitsiriza pang'onopang'ono. "Ndinawafunsa mwezi watha. Anati njira yotero kulibe, chatsala n'kupeza munthu wam'kati."

Kadontho anangokankhira mbale kwa mtsikanayo.

"Idya kaye. Ukamaliza upite ukawerenge wekha pa bolodi, ujambule pa foni, ukawaonetse. Usanene kuti wamva kwa ine, unene kuti wawerenga, chifukwa ukhala utawerengadi."

"Ndingadutse?"

"Sindikudziwa. Komiti si ine. Koma ndaonapo ana a manambala ngati akowa akudutsa."

Chitsiriza anavula magalasi n'kupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anagwira dzanja la Kadontho patebulopo, nalifinya.

"Zikomo, alamu."

Liwulo linamuthawa mkamwa, ndipo onse awiri anaseka mwamanyazi. Panja, galimoto yotuwa imene inaima pafupi ndi zenera inanyamuka mwakachetechete. Kadontho anaiona, koma sanaiganizire.

*

Lachitatu ataweruka anapeza Wamafiriji atatsamira geti, m'manja muli mafuta akuda.

"Foni suyankha, ndiye ndabweretsa nkhope."

"Nkhope yake yomweyi?"

"Ina ndilibe. Tiye ukandikalipire kushopu, kuno anthu achuluka."

Shopu yake inali chipinda chachitali chodzaza mafiriji, ena otsegula pakamwa, ena akung'ung'udza pamzere podikira eni ake. Anapukuta mpando ndi malaya ake n'kumukhazika, iye n'kukhala pa bokosi la zipangizo. Anatsegula firiji ya kasitomala wina n'kutulutsamo mabotolo awiri a zakumwa.

"Ndimayesera ngati ikuzizira," anatero. "Ndi mbali ya ntchito."

Kadontho anafuna kusunga mkwiyo, koma unamupulumuka.

"Uthenga uja ndinalakwitsa," anapitiriza mnyamatayo, tsopano osaseka. "Chitsiriza ndinamulera ndine bambo atamwalira. Ndikamuona akulira mutu wanga umaima. Koma sindinayenere kukupempha chinthu choti ukachita usiye kukhala iwe. Pamene ndimaiwala dala kachitsulo kaja, n'kuti iye asanalembe n'komwe mayeso. Ndinayamba ndi iwe."

"Nanga Madamu?"

"Madamu amabwera kwa Amayi, osati kwa ine. Tinasiyana chifukwa ankafuna kundikonza ngati mmene ine ndimakonzera mafirijiwa, kuchotsa ichi, kuikamo icho. Dzulo Chitsiriza anawaonetsa Amayi chithunzi cha pa bolodi paja, Madamu ali pomwepo. Ukanaona nkhope yake. Anati anaiwala, akasaina. Amayi sanamuperekeze pakhomo."



"Ndinawauzanso kanthu kena Amayi," anatero akuzunguza botolo m'manja. "Ndinati kaya Chitsiriza adutsa kaya sadutsa, mkazi amene ndikwatire ndi yemwe uja anakana kusintha nambala. Ndiye ndazindikira kuti ndauza Amayi ndisanafunse mwiniwake."

Kadontho anaika botolo lake pansi.

"Ukundifunsira pakati pa mafiriji akufa?"

"Enawa ndi amoyo. Akhala mboni." Anamuyang'ana m'maso. "Pa sikelo yanu ija, munthu ngati ine ndingapeze angati?"

"Iwe? 2.9."

"Ndalephera?"

"Waperewera. Koma komiti yayang'ana maphunziro ako akuluakulu."

"Ndiye yati bwanji?"

"Yati ubwere ndi malaya ena, a kolala yabwino, ukaonekere kwathu."

Wamafiriji anaseka mpaka botolo linatayikira pa thalauza. Pomuperekeza, Kadontho anamuuza kuti m'mawa mwake chinthu choyamba akalowa kwa abwana, akawauze zonse, n'kupereka fayilo ya Chitsiriza kwa mnzake wa pa zenera lina. Tsopano anali ndi liwu loti akatchule.

*

Lachinayi anafika molawirira, koma anapeza kuti wina walawirira kuposa iye. Atangoika chikwama, mnzake wa pa zenera loyamba anamunong'oneza kuti abwana akumufuna.

Abwana anali mayi wa imvi, wosakonda kukweza mawu. Patebulo pawo panali fayilo ya Chitsiriza, pamwamba pake chikalata cha apilo chosainidwa bwinobwino ndi chidindo chasukulu. Pa mpando wa alendo panakhala Madamu, miyendo atapingasa.

"Khala pansi," anatero abwana. "Mayi awa abweretsa chikalata cha wophunzira wawo. Abweretsanso ichi."

Anatembenuza foni. Pa chithunzipo panali Kadontho ndi Chitsiriza m'kalesitilanti kaja, atagwirana manja patebulo.

"Ine ndangoona kuti ndi udindo wanga," anatero Madamu mofatsa. "Mwanayu ndi wosalakwa. Koma wogwira ntchito akamakumana ndi ofunsira malo kumbali, makolo ena angaganize molakwika."

"Zimene ndinamuuza zili pa bolodi, abwana," anatero Kadontho. "Fayiloyo sindinaitsegule. Ndimabwera kudzakuuzani lero lomwe."

"Fayiloyi yakhala patebulo pako kuyambira mwezi watha, ndipo sunabwere." Abwana anavula magalasi. "Ndikufunsa funso limodzi, ndipo uganize usanayankhe. Ndamva kuti pali mchimwene wake wa mtsikanayu. Ngati ndi munthu wongodziwana naye, ndikuchenjeza n'kutseka nkhaniyi. Ngati ndi woposa pamenepo, lamulo ukulidziwa. Munthu ameneyu ndi ndani kwa iwe?"

Kadontho analidziwadi lamulolo. Anaona Madamu akumuyang'ana ndi kumwetulira kwa munthu wodikira bodza loti akalitule kwa Wamafiriji madzulo omwewo. Liwu limodzi laling'ono likanapulumutsa apilo ya Chitsiriza. Anaganiza za mtsikanayo akupukuta maso, anaganizanso za mnyamata wokhala pa bokosi la zipangizo.

"Ndi mwamuna amene ndikwatiwe naye, abwana."

Kumwetulira kwa Madamu kunazima. Abwana anapumira m'mwamba, natseka fayiloyo, n'kuiika m'dirowa.

"Zikomo ponena zoona. Upita kunyumba mpaka tifufuze ngati palibe chimene chinakhudzidwa. Ndipo fayiloyi singalowe m'komiti ya mawa."

"Ayi, dikirani," anatero Madamu akudzuka. "Ine sindinadandaule za mwanayo. Ndimanena za uyu."

"Mwabweretsa chithunzi cha anthu awiri, mayi. Sindingafufuze theka lake."

"Komiti ina ikumana liti?" anafunsa Kadontho, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Malo a udokotala akhala atadzaza."

Kadontho anatuluka. Anatenga chikwama chake osayang'ana anzake, natsegula chitseko cha kukhonde. Pa benchi ya odikira, pansi pa bolodi la zidziwitso, panakhala Amayi atavala diresi lawo labwino, kachikwama pamiyendo. Atamuona anaimirira msanga, natambasula manja onse awiri.

"Mwana wanga! Ndakwera basi yoyamba kuti ndikupeze usanatanganidwe. Ndinakulakwira Loweruka lija, ndabwera kudzapepesa ndi pakamwa panga. Chitsiriza wagona tulo koyamba chitulukireni mayeso." Anamugwira m'mapewa, akumwetulira. "Tandiuza, komiti ija mawa ikumana nthawi yanji? Ndikufuna ndiyambe kupemphera isanalowe."